NTHENDA YA M'NYUMBA: ZA NKHUNGU YA PA KHOMA NDI KUITANA WOYANG'ANA

Ulaliki wa tsiku la Sabata m'nyengo ya dzinja, wolembedwa kuti uwerengedwe m'midzi ndi m'sukulu. Mau: Levitiko 14:33-53.

Mau amene tawerenga lerowa ndiwo ena a mau aja ambiri a ife tiwalumpha powerenga Buku Lopatulika. Tikafika ku Levitiko ndi kupeza za nsembe, za zodetsa, za miyala ndi dothi la pa khoma, titsegula masamba msanga kufuna Masalmo. Koma tsopano tiri pakati pa dzinja. Mvula yagwa masabata ambiri, zopfunda siziri kuuma, ndipo m'nyumba zambiri za mpingo uno muli pfungo lija tilidziwa tonse, pfungo la cinyontho. Cifukwa cace ndayesa nkwabwino kuti tiime pa mau awa, tione cimene Mulungu analamulira Aisrayeli kucita pamene munthu aona banga lacilendo pa khoma la nyumba yace, ndi cimene ife tiyenera kucita lero.

Tsiku lina ndinapita kukazonda mai wina wokalamba wa mpingo wathu, wakulera adzukulu atatu. Wamng'ono wa iwo anali kutsokomola usiku ndi usiku, ndi kulira m'cifuwa popuma. Nditakhala pansi ndinaona nsaru yokongola yopacikidwa pa khoma, pomwe anawo agona. Mphepo inaikupiza pang'ono, ndipo kuseri kwace khoma linali bii, ndi mawanga obiriwira m'mbali mwace. Ndinati, “Amai, ici cinayamba liti?” Iwo anaweramitsa mutu nati, “Abusa, cinayamba dzinja latha. Ndinacita manyazi, ndipo ndinaphimbapo.” Pambuyo pace anandiululira kuti m'mtima mwao anali kuganizira mnansi wina amene anakangana naye za malire a munda. Taonani, m'nyumba imodzi munali manyazi akubisa ndi mtima wakuganizira mnzao, ndipo mwana anali kudwalabe. Lamulo limene tawerenga liletsa zonse ziwirizi.

I. CIMENE LAMULO LINALAMULIRA

Lamuloli linapatsidwa kwa Mose ndi Aroni anthu akali m'mahema m'cipululu, kuwakonzeratu masiku amene adzakhala m'nyumba za miyala m'dziko la Kanani. Mwini nyumba akaona banga lomkayikitsa, ayenera kunka yekha kwa wansembe kukamuuza, osadikira kuti anansi akamnenere. Ndipo zindikirani kuti lamulo silimlola kuweruza nyumba yace. Iye angonena kuti waona kanthu konga nthenda. Aphunzitsi akale a Ciyuda, m'buku lao lochedwa Mishnah, anaphunzitsa kuti ngakhale mwini nyumbayo akhale wophunzira, wodziwa ndithu cimene waona, ayenerabe kulankhula monga wokayika, ndi kusiya ciweruzo kwa iye amene anaikidwa kuyang'ana.

Wansembe asanalowe, alamula kuti aturutse akatundu onse, kuti angadetsedwe pamodzi ndi nyumba. Aphunzitsi omwewo anaona cifundo m'menemo, pakuti lamulo linasamalira ngakhale mbiya zadothi za munthu. Pamenepo wansembe alowa napenyetsetsa makoma, kuona ngati mawangawo ali obiriwira kapena ofiira, ndi ngati alowerera m'kati mwa khoma. Akawapeza otero, atseka nyumbayo sabata limodzi, nabweranso. Nthenda ikakhala yafalikira, agumula miyala yogwidwayo naitaya kutali ndi mudzi, napala nyumba m'kati monse, naikamo miyala yina, namata ndi dothi latsopano. Ikabukanso zitatha zonsezi, nyumba yonse igwetsedwa. Koma ikapanda kubwerera, wansembe ainena yoyera, nacita mwambo wa mbalame ziwiri, imodzi yophedwa, inzace yomasulidwa kuti iuluke kuthengo.

Buku lathu licha nthendayi khate, ndipo ena adabwa nati, Kodi khoma lingadwale khate? Iai. Liu la Cihebri ndilo tsaraat, ndipo linali dzina limodzi la zoipa zosiyana-siyana zooneka pa khungu la munthu, pa cobvala, ndi pa khoma. Khate limene aciza m'zipatala lidza ndi kacirombo kamene Gerhard Armauer Hansen anakaona ku Bergen, m'dziko la Norway, m'caka ca 1873, ndipo kacirombo ameneyo sakhala m'miyala. Ophunzira ambiri ayesa kuti ca pa khomaco cinali nkhungu, kapena cina cofanana nayo.

II. NKHUNGU NCIANI, NDIPO IDZA BWANJI

Nkhungu ndico cinthu camoyo, mbale wace wa bowa. Monga bowa, ibala timbeu tating'ono tosaoneka ndi maso, touluka mumphepo. Tiri m'nyumba ya mfumu ndi m'nyumba ya wamasiye momwemo, ndipo palibe munthu angathe kutitsekera kunja. Timbeuti tigona pa khoma osacita kanthu kufikira tapeza madzi. Tikapeza cinyontho pamodzi ndi cakudya cace, ndico mtengo, pepala, nsaru, cikopa, udzu, kapena pfumbi la pa njereza, pomwepo timera. Ndipo cinthu conyowa cikakhala cosauma tsiku limodzi kapena awiri, nkhungu ikhoza kuyambapo. Nayonso inalengedwa ndi nchito yace. Ndiyo ioletsa masamba m'munda kuti abwerere kunthaka, ndipo mwa nkhungu yina Alexander Fleming anapeza mankhwala a penisilini ku London m'caka ca 1928, amene apulumutsa anthu osawerengeka. Koma malo ace ndiwo kudzala ndi kumunda. Pamutu pa mwana wogona siiyenera kukhalapo.

Cotero musafunse kuti, Ndani waika ici m'nyumba mwanga? Funsani kuti, Madzi alikucokera kuti? Pakuti alowa ndi njira zinai. Yoyamba ndiyo ya kumwamba: udzu wa denga wapyapyala, kapena malata abooka pa misomali, ndipo madzi atsata phaso natsikira m'khoma kutali ndi podonthapo. Yaciwiri ndiyo ya pansi: nyumba yomangidwa m'mbali mwa dambo, kapena imene mmisiri sanayalamo pulasitiki pamwamba pa maziko, imwa madzi a m'nthaka, ndipo akwera m'njerwa monga parafini akwera m'cingwe ca nyali, cizindikiro cace ndico khoma lonyowa kuyambira pansi kufikira m'maondo kapena m'cuuno. Yacitatu ndiyo ya m'mbali: denga lalifupi losachinga khoma ku mvula yamphepo, ndi madzi a padenga ogwera pa tsinde la nyumba popanda ngalande yowacotsa. Yacinai ambiri saidziwa, pakuti icokera mwa ife tokha: mpweya wa anthu ambiri ogona m'cipinda cimodzi cotsekedwa, nthunzi ya mphika, ndi zobvala zoyanikidwa m'nyumba. Cinyontho cimeneci cikakhudza malata kapena khoma lozizira cisanduka madzi, ndipo mamawa denga lidontha mvula isanagwe. Abale a ku Thyolo ndi ku Mulanje acidziwa ici m'masiku a ciperoni, m'miyezi ya June ndi July. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali madzi osefukira, monga aja anadza ndi namondwe Freddy kummwera kwa Malawi m'mwezi wa March 2023. Nyumba zimene zitsala ciriri pa cigumula cotere zimwa madzi, ndipo makoma ao atenga masabata ambiri kuti aume.

III. CIFUKWA CACE TISACIYESE CACABE

Kapena wina adzati, Makolo athu anakhala ndi zotere, nakalamba. Koma ndani anawerenga ana amene anaikidwa m'manda ndi cifuwa m'madzinja aja? M'caka ca 2009 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, lochedwa WHO, litasonkhanitsa zofufuza za m'maiko ambiri, linanena kuti anthu okhala m'nyumba zacinyontho ndi zankhungu agwidwa kawiri-kawiri ndi cifuwa, kubanika, ndi nthenda za m'njira ya mpweya, ndi kuti mphumu ikula mwa iwo. Amene abvutika koposa ndiwo makanda, okalamba, odwala mphumu, ndi iwo amene thupi lao lafooka, monga ndi kacirombo ka HIV. Ndichulenso iwo amene anadwalapo cifuwa cacikuru nacira. Nthendayo isiya timapanga m'mapapo, ndipo nkhungu ya mtundu wochedwa Aspergillus ikhoza kumera m'menemo. Munthu ayambanso kutsokomola ndi kuonda, kapena kulavula mwazi, nayesa kuti cifuwa cacikuru cabwerera. Wotere apite kucipatala, akauze dokotala za kudwala kwace kwakale ndi za nyumba imene agonamo. Koma cenjerani, musanamizire khoma cifuwa ciri conse. Amene watsokomola masabata awiri akayezetse makhololo, ngakhale nyumba yace iri ndi nkhungu kapena iribe.

Ndipo musayese kuti ili ndi tsoka la nyumba zaudzu zokha. Ku Rochdale, m'dziko la England, mwana wa zaka ziwiri, dzina lace Awaab Ishak, anamwalira m'mwezi wa December 2020. Atate wace anali atadandaula za nkhungu kwa eni nyumba m'caka ca 2017, mwanayo asanabadwe, ndipo anauzidwa kuti apakepo utoto. M'mwezi wa November 2022 woweruza wofufuza za imfayo anagamula kuti mwanayo anafa cifukwa ca kupuma nkhungu nthawi yaitali m'nyumba mwao. Dziko linacita manyazi, ndipo m'caka ca 2023 nyumba ya malamulo inaika lamulo lochedwa ndi dzina la mwanayo. Kuyambira October 2025 makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba kwa anthu m'dzikomo ayenera kudza kudzayang'ana nkhungu yoopsa asanapite masiku 10 a nchito. Ici cimene iwo anaphunzira pa manda a mwana cinalembedwa kale m'Levitiko, kuti munthu akanena za banga, woyang'ana adze.

Pali nkhungu yinanso imene ife tiicha cuku, ya pa cimanga ndi mtedza. Kale dzinthu zinali m'nkhokwe pabwalo, mphepo iri kupita. Lero ambiri, poopa akuba, aunjika matumba m'cipinda cogona, pansi peni-peni ndi potsamira khoma. Khomalo likanyowa, cimanga cigwidwa. Cuku ca mitundu yina cibala ululu wochedwa aflatoxin, umene uononga ciwindi, ndipo kuphika sikuutha mphamvu. Ululuwu unadziwika pamene nkhukundembo ngati 100,000 zinafa ku England m'caka ca 1960 zitadya cakudya ca mtedza wacuku; ndipo m'caka ca 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala ndi cimanga cotere, ndipo 125 a iwo anamwalira. Cifukwa cace matumba akhale pa thandala, otalikira khoma. Ndi cimanga cacuku musacidye, musaphikire thobwa, ndiponso musapatse ziweto.

IV. ZA KUYANG'ANA

Tsono munthu wokayika acite ciani? Ayambe monga lamulo linayamba, ndi kusendeza akatundu. Kokani kabati ndi kama, nyamulani mphasa ndi matiresi, cotsani zithunzi ndi makalendala pa khoma, penyani m'ngondya, pansi pa mazenera, ndi pamwamba pa siling'i ngati iripo. Mphuno nayonso ndi mboni. M'nyumba monunkha cinyontho muli nkhungu pena pace, ngakhale maso sanaipeze.

Dziwaninso kuti si banga liri lonse liri nkhungu. Pa njerwa ndi pa simenti pamera nthawi zina coyera ngati ufa. Mukacitikita cinyenyeka, mukacithira m'madzi cisungunuka. Umenewo ndiwo mcere woturuka m'njerwa. Suli wamoyo, koma uli kukuuzani kuti madzi ayenda m'khomamo. Mwaye ukhala kufupi ndi pa moto, nununkha utsi. Ndere imera kunja, kumene dzuwa silifika. Nkhungu ndiyo ikhala ngati ubweya kapena timadontho tambiri, yakuda, yobiriwira, yotuwa kapena yoyera, ndipo ikula.

Pali mayesero awiri amene munthu ali yense angacite wopanda ndalama. Loyamba: lembani ndi khala kuzungulira malire a bangalo, ndipo muonenso atapita masiku asanu ndi awiri, monga anacitira wansembe, likaturuka kunja kwa mzere, liri lamoyo. Laciwiri: tengani pulasitiki ya ukuru wa buku la sukulu, muimate pa khoma mbali zonse zinai, nimuisiye masiku awiri. Madontho akaoneka kunja kwace, kuloza m'cipinda, madziwo acokera mumpweya wa m'nyumba. Koma kukanyowa kuseri kwace, acokera m'khoma. Koma pa cinthu cimodzi tisiyana ndi wansembe: iye anatseka nyumba, pakuti anthu anali ataturuka, koma ife amene tikhalamobe titsegule. Ndipo mwana akakhala alikubanika, musadikire sabata. Msamutseni pogona usiku womwewo, ndi m'mawa mwace mupite naye kucipatala.

Nanga woitanidwa ndani? Mwa Israyeli wansembe anali ndi nchito ziwiri, ya ku guwa la nsembe ndi ya kuyang'ana zodetsa. Lero nchitozi zagawidwa. Ine mbusa wanu ndidzapemphera nanu, koma sindinaphunzire kuweruza makoma. Itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, yemwe uja ayendera midzi za katemera, zitsime ndi zimbudzi; ndipo iye akaona kuti camkulira, adziwa njira ya kwa akuru ace oyang'anira ukhondo ku boma kapena ku khonsolo ya mzinda. Itanani mmisiri womanga wokhulupirika, akwere padenga ndi kuona maziko. Za cimanga funsani mlangizi wa zaulimi. Kabanga kakang'ono, kosafika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kodziwika gwero lace, mukhoza kukacotsa nokha. Koma muitane wodziwa bangalo likaposa pamenepo, likabwerera mutalitsuka, mukamva pfungo osaona pocokera, nyumba ikakhala inalowedwa ndi madzi osefukira kapena a m'cimbudzi, khoma likafewa kapena kung'ambika, mapaso akaola, ndi pamene wina wa m'banjamo adwala cifuwa cosatha.

Woyang'ana woona mudzamzindikira ndi nchito zace. Azungulira nyumba kunja asanaweruze za m'kati. Afunsa kuti bangalo linayamba liti, mugona angati, muphikira kuti. Ndipo pomariza akulozerani pamene madzi alowera, nakuuzani coyamba kukonza. Ena a m'mizinda ali ndi kacipangizo koyezera cinyontho ca m'khoma. Koma cenjerani naye iye amene aima pakhomo nakuopsani, kuti akugulitseni utoto kapena mankhwala. Maonekedwe a nkhungu sanena za ukali wace. Yakuda siiposa zinzace cifukwa ca kuda kwace kokha, ndipo kawiri-kawiri sikufunika kulipira kuti mudziwe dzina la mtundu wace, pakuti mtundu uli wonse mankhwala ace ndi amodzi, kuletsa madzi ndi kucotsa comeraco. Mpempheni alembe pa pepala zimene wapeza. Kwa inu okhala m'nyumba zalendi pepalalo lidzakhala mboni yanu, pamodzi ndi cithunzi cojambulidwa pa foni tsiku limene munayamba kudandaula.

V. ZA KUCOTSA

Nchitoyi iri ndi dongosolo lace, ndipo wolisokoneza agwira kawiri. Poyamba letsani madzi: folerani denga, tsekani mabowo a malata, kumbani ngalande, kwezani khonde. Pamenepo cotsani nkhungu, pamenepo umitsani, ndipo potsiriza peni-peni matani ndi kupaka njereza. Wopaka utoto pa khoma lonyowa ataya ndalama zace, pakuti utotowo udzasupuka, ndi bangalo lidzaturukanso.

Pogwira nchitoyi ana ndi odwala akhale kunja, mazenera ndi citseko zikhale zotsegula, ndipo wogwirayo aphimbe mphuno ndi pakamwa ndi manja. Musasese kapena kupala nkhungu youma, mungaulutse mbeu zace m'nyumba monse, yambani mwainyowetsa. Pa simenti, pa citsulo ndi pa matabwa olimba, sopo ndi madzi zikwanira, mukatsuka bwino ndi kuumitsa. Ofuna kuthira mankhwala oyeretsa a klorini asapitirire kapu imodzi m'malita anai a madzi, ndipo asawasanganize konse ndi mankhwala ena otsukira, pakuti msanganizowo uturutsa mpweya wakupha. Khoma ladothi mulipale kupitirira malire a banga, dothilo mukalikwirire kutali, ndipo mumate latsopano khoma litauma. Zobvala ndi zopfunda zicapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Koma zinthu zimene zamwa nkhungu m'kati, monga matiresi, mikeka, makatoni ndi siling'i yofewa, sizitsukika. Ziturutsidwe monga miyala ija inatayidwa kunja kwa mudzi. Ndidziwa kuti mau awa ngolemera kwa wosauka amene ali ndi matiresi amodzi. Cifukwa cace ndidzanena za mpingo posacedwa. Ndipo wina asayese kuumitsa cipinda ndi mbaula yamakala, citseko cotseka, anthu ali m'tulo. Ambiri agona cotero osadzukanso.

Nyumba itayera, isungeni. Tsegulani mazenera m'mawa uli wonse. Timabowo ta mpweya tija amisiri asiya pamwamba pa khoma, ambiri mwatitseka ndi nsanza poopa udzudzu ndi mphepo. Cotsani nsanzazo, muikepo sefa. Pakati pa kabati ndi khoma pakhale mpata wolowa dzanja. Dzuwa likawala, ngakhale ora limodzi, turutsani mphasa ndi mabulangete.

VI. MAU KWA ENI NYUMBA, KWA AKURU NDI KWA APHUNZITSI

Alipo pakati pathu amene Mulungu anawadalitsa ndi nyumba zobwereketsa. Abale, mlendo wanu akadza nati, Khoma lirikuda, musamyankhe kuti, Ukapanda kufuna, turuka, alipo ena. Musamnenenso kuti ndi uve wace musanapite kukaona. Mulandira ndalama zace mwezi ndi mwezi. Denga ndi maziko nzanu, ndipo mpweya umene ana ace apuma usiku mudzaufotokoza pamaso pa Mulungu. Ndi inu obwereka, nenani msanga ndi mwaulemu, nimucite mbali yanu ya kutsegula mazenera ndi kuyanika zobvala kunja.

Akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano, poyendera odwala musathere pabwalo. Pemphani kulowa, ndipo penyani pogona wodwalayo. Mukapeza wamasiye kapena wokalamba amene sangathe kufolera, uzani mpingo. Mitolo ya udzu ndi anyamata khumi a tsiku limodzi ndico copereka cokondweretsa Mulungu. Tiyang'anenso nyumba ya mapemphero, ndi kabati imene tisungamo mabuku a nyimbo ndi nsaru za pa gome la Mgonero.

Inu aphunzitsi a m'midzi, phunzitsani ici ndi maso. Tengani zidutswa ziwiri za mkate kapena za nsima, cina ciume padzuwa, cinzace mucinyowetse ndi kucitsekera m'botolo loonekera. Atapita masiku owerengeka ana adzaona okha kuti nkhungu itsata madzi. Botololo musalitsegule m'sukulu. Mwana amene waona ici sadzakhulupirira msanga kuti banga la pa khoma latumizidwa ndi mfiti, ndipo adzaphunzitsa a kwao.

VII. NYUMBA YA M'KATI

Mai uja ndinanena poyamba anabvomera kuti tiitane mlangizi wa zaumoyo. Iye anazungulira nyumba, napeza kuti lata limodzi linabooka pa msomali, pamwamba peni-peni pa khomalo. Anyamata a mpingo analikonza tsiku limodzi, napala khoma, nalimata litauma. Mwana anapita naye kucipatala, nampeza ndi mphumu, nampatsa mankhwala, ndipo tsopano agona mbali yina ya nyumba. Ndipo Sabata lotsatira maiyo anapita kukapereka moni kwa mnansi uja anamganizira caka cathunthu cifukwa ca bowo la msomali.

Abale, musaturuke muno ndi kunena kuti nyumba yankhungu ndiyo ya wocimwa. Mvula igwa pa denga la wolungama ndi la wosalungama, ndipo lobooka ndilo lidontha. Koma pali fanizo limene sindingathe kulisiya. Ambiri a ife tiri ndi banga m'mtima limene tilidziwa, mkwiyo wakale, kapena cinyengo ca pa malonda, kapena cimo lobisika, ndipo tapacikapo nsaru yokongola ya mapemphero ndi nyimbo. Kuseri kwa nsaruyo liri kukula, ndipo a m'nyumba mwathu alipuma. Mwini nyumba wa m'Levitiko anapita yekha, ali ndi mantha kuti kapena nyumba yace idzagwetsedwa. Koma anapitabe, popeza anadziwa kuti kubisa kudzaigwetsa ndithu. Ife tiri naye Mkuru wa ansembe woposa Aroni, ndiye Yesu Kristu, amene alowa m'nyumba ya munthu kuti aipulumutse, amene anakhetsa mwazi wace kuti ife timasulidwe monga mbalame yamoyo ija. Tsono pobwerera kwanu lero, sendezani kabati, cotsani nsaru, nimupenye. Ndipo cimene mudzacipeza, pa khoma kapena mumtima, mukacinene kwa iye amene akhoza kuciyang'ana.

Ambuye atipatse mtima wosabisa, asunge ana athu m'dzinja lino, ndi kuyeretsa nyumba zathu zonse. Amen.